Mpira wa pa Sikirini

Lolemba, 5 Meyi

Meseji yafika ndikusesa pakhomo pa shopu. Ndi ya abwana. Akuti: "Ya ku Jali ndatseka dzulo. Loweruka ndikubwera kwanuko cha m'ma 10 koloko, ndidzaone ndi maso anga."

Ndawerenga kasanu. Mawu ake sakusintha. 

Mashopu a Zala Zamoto analipo asanu. Awiri m'tauni ku Zomba, ina ku Songani, ina ku Jali, ndi yanga ino ya kunyanja imene abwana amaitchula kuti "ya kumatope". Timagulitsa madisiki a magemu, mapadi osewerera ndi zingwe. Amene alibe makina kunyumba, ndiye kuti aliyense kuno, amakhala pabenchi n'kusewera pa sikirini yathu. Ya ku Songani inagwa mvula ili mkati. Imodzi ya m'tauni akugulitsiramo kaunjika tsopano. Dzulo Jali. Matendawa akutsika ndi msewu, ndipo kumapeto kwa msewu kuli ine, kenako madzi.

Ndamuimbira Madalitso, amene amagulitsa ku Jali. Akuti abwana sanakalipe n'komwe. Analowa, anayang'ana benchi lopanda munthu, anangoti, "Anthu akusewerera pa foni masiku ano," n'kuyamba kuzula zingwe kukhoma. Madalitso akuganiza zoyamba kabaza. Njinga alibe.

Amene akhala pabenchi langa lero:
a Bonifasi ometa tsitsi khomo loyandikana ndi langa, amene amabwera akasowa mutu wometa;
nkhuku ya munthu wina.

Ino ikatsekedwa ndikudziwa kumene ndikupita. Ndine mkamwini. Munda wa apongozi uli ku sikimu, mpunga wayamba kucha, mpheta zafika kale. Zaka zitatu ndakhala ndikuzemba nsanja yoingitsirapo mbalame ija ndi mawu atatu okha: "Ndili ku ntchito." Kuwachotsa mawu amenewa, m'mudzi muja ndine munthu wobwera amene amadya mpunga wa eni.

Ndiye pulani ndi iyi. Loweruka benchi lidzaze mpaka ena aime panja. Ndikonza mpikisano wa mpira wa pa sikirini. Abwana akadzalowa asowe poponda.

Zofunika:
1. Anthu.
2. Mphoto.
3. Dzuwa, kuti sola isatichititse manyazi.
4. Padi yachiwiri isiye kuthamangitsira osewera kumanzere kokhakokha.

Lachiwiri, 6 Meyi

Mphoto yapezeka. Ndatuma amake Tadala akandipemphere tambala wofiira kwa amayi awo. Apongozi sandiyankhula pamaso, mwambo sulola. Akafuna kundiuza kanthu amauza nkhuku zawo ine ndili chapafupi. M'mawa muno akuziwazira madeya, akuti, "Inu nkhuku, mnzanu akupita kukaonera kanema. Kanema akadzatha, mwina tidzapeza wotiingitsira mbalame."

Amake Tadala akuti tanthauzo lake avomera. Ine ndamvamo zina.

Lero ndi la msika. Ndapita kwa a Chikopa, ogulitsa mankhwala a makoswe. Ali ndi megafoni yojambula mawu, imene imabwereza yokha tsiku lonse iwo akupalasa njinga kuchokera kudoko mpaka kumidzi ya kumtunda. Palibe khutu kuno limene silinamvepo za makoswe awo. Tagwirizana kuti alengeze za mpikisano, ine ndiziwatchajira megafoniyo pa sola mwezi wonse. Ndawauza pang'onopang'ono, kawiri: mpikisano wa mpira wa pa sikirini, Loweruka, ku shopu ya magemu.

Masana ndikupukuta fumbi pa madisiki, ndikuimva ikudutsa:

"Mankhwala a makoswe, nsikidzi, mphemvu! Loweruka kuli mpikisano wa mpira, chikho ndi tambala, wokonza ndi mkamwini wa Anambewe! Mankhwala a makoswe..."

Ndathamanga ndi kansalu kofufutira m'manja. Ndawapeza pa chigayo. Ndafunsa kuti "wa pa sikirini" wapita kuti, nanga chikhocho chachokera kuti. Akuti, "Achimwene, kamakina aka kamasunga mawu ochepa. Ndikanachotsa mphemvu? Mphemvu ndiye bizinesi." Za chikho akuti mpikisano wopanda chikho sumveka bwino m'makutu.

Alonjeza kuti akonza mawa. Pakadali pano njinga yawo yalowera ku sikimu, ikulengezabe.

Mwina anthu amvetsa okha. Amandidziwa. Akudziwa kuti mpira wanga ndi wa zala.

Lachitatu, 7 Meyi

Ndikufika kudzatsegula, pakhomo pali njinga zisanu ndi ziwiri. Mtima wanga myaa. Chitsegulireni shopu ino sindinaonepo mzere.

Sanabwerere magemu. Ndi akuluakulu a timu ya alimi a ku sikimu, matope akadali m'miyendo. Mafunso awo:
Tisewera ndi nsapato kapena chopanda?
Woyimbira achokera kuti, chifukwa wa chaka chatha anali mlamu wa asodzi?
Tambalayo ndi wamkulu bwanji?

Asanachoke, atulukira asodzi a kudoko, fungo la matemba patsogolo iwo pambuyo. Akuti amva kuti alimi akuyerekedwa.

Ndawalowetsa onse. Ndayatsa sikirini. Ndawaonetsa tianthu tothamanga tija, ndagwira padi, ndagoletsa chigoli chabwino kwambiri. Ndafotokoza kuti mpira wake ndi umenewu, munthu amakhala pansi, palibe kuthyoka mwendo. Aonerera mwaulemu. Kenako wamkulu wa alimi wandigwira paphewa, akuti, "Tamva, bwana. Onse amayamba choncho, mobisa. Ife sitiulula." Atuluka akutsinzinirana maso.

Sindinamvetse mpaka a Bonifasi atabwera ndi lumo m'manja. Akuti kodi ndaiwala kuti chino ndi chaka cha chisankho? Kuno munthu sakonza mpikisano wa mpira chifukwa chokonda mpira. Wokonza mpikisano, woika chikho, ndi shado, munthu amene akudzionetsa kuti adzaime nawo. "Ndiye tiuzeni ife a pafupi, ndi ukhansala kapena uphungu?"

Ndati sindikuimira chilichonse. Afunsa chipani. Ndati ndilibe chipani. Agwedeza mutu ngati ndawauza chinsinsi, abwerera kukameta.

Pofika madzulo msika wonse ukudziwa kuti ndine woima payekha.

A Chikopa sanaoneke. Akuti ali kumidzi ya kwa Kuntumanji, batire ya megafoni ndi yodzaza bwino. Ndinatchaja ndekha.

Kwatsala masiku atatu. Pabenchi lero pakhala anthu khumi ndi anayi, wogwira padi ndine ndekha.

Lachinayi, 8 Meyi

"Olemekezeka, mwadzuka bwanji?"

Woyamba kunena ndi mayi wogulitsa zitumbuwa. Ndacheuka kuti ndione olemekezekawo. Kumbuyo kwanga kuli mbuzi.

Zimene ndapemphedwa kuyambira m'mawa:
mlatho wamatabwa wa pamsewu wopita ku Jali, akuti matabwa awiri anapita ndi madzi;
mjigo wa kuseri kwa sukulu;
majezi a matimu anayi (anayi tsopano, awonjezekera a pamsika ndi a kabaza);
malata a tchalitchi, matchalitchi awiri osiyana;
mankhwala a dzino;
kuti ndikalankhule ndi mvuu imene ikudya mpunga kumunsi, kapena ndi oyang'anira mvuuyo.

Amayi a ntchemberembaye abwera gulu, aima pakhomo manja m'chiuno. Akuti kodi mavoti ndi a amuna okha? Ndati palibe mavoti. Akuti ndiye tiona. Ndawalemba.

Aliyense ndikumuuza zoona. Ndikuti, abale, ine ndimagulitsa magemu, shopu akufuna kuitseka, ndimangofuna anthu pabenchi. Ndikamatero m'pamene akundikonda kwambiri. Agogo ena akuti chiyambireni kuvota sanaonepo wandale wodzichepetsa chonchi.

Tsopano chinthu chimene sindingauze munthu. Masana ano amake Tadala andibweretsera chakudya ku shopu, mbale yovundikira bwino. Nditsegule, nkhuku. Pamwamba penipeni, nthutumba. Zaka zisanu ndili pamudzi paja, nthutumba imapita kwa atsibweni awo a amake Tadala, ine ndimalandira khosi. Akuti amayi awo aika okha ndi dzanja lawo, ndipo pouza nkhuku zotsalazo anati, "Ena mumangowaona akuyenda, simudziwa kuti mukugona ndi boma m'mudzi."

Ndadya. Manyazi andigwira, koma ndadya, ndipo inali yokoma. Tsopano ndikakana ushadowu mokweza, ndikhala ndadya nthutumba mwachinyengo.

Ndafunsa amake Tadala ngati iwo akukhulupirira zimenezi. Aseka mpaka kukhala pansi. Akuti, "Inu, ngakhale Tadala mumalephera kumuuza kuti akasambe."

Pulani yatsopano, ndipo ndi yabwino kuposa yoyamba. Mpira wa miyendo uchitike, ndilibe mphamvu zouletsa. Koma matimu onse adzalembetse mayina ku shopu kuno Loweruka 10 koloko yeniyeni, osewera ndi owachemerera omwe. Abwana akadzatsika galimoto adzapeza chinamtindi. Sadzafunsa kuti abwerera chiyani. Munthu ukaona khamu pakhomo pa shopu yako sufunsa.

Sadzafunsa, eti?

Lachisanu, 9 Meyi

Tulo sindinatione bwino. Ndadzuka nsagwada zikuwawa, amake Tadala akuti ndimakukuta mano.

Chikho. Poti a Chikopa analonjeza dziko lonse, chiyenera kupezeka. Ndatenga fulasiki yakale ya amake Tadala, ndachotsa chikopa chake chapulasitiki, kwatsala chigalasi chonyezimira chamkati chija. Ndachiimika m'chitini cha penti, ndamangirira riboni. Ukachionera patali, dzuwa lili kumaso, ndi chikho.

Mpira weniweni ndabwereka kusukulu. Aphunzitsi akulu andiperekeza mpaka pamsewu, akundionetsa denga la kalasi lodontha.

Padi yachiwiri ndaitsegula ndi mpeni kuti ndiikonze. Kasipuling'i kadumpha, kalowa pansi pa kauntala, sikakuoneka. Ndaitsekanso. Tsopano osewera akuthamangira kumanzere chobwerera m'mbuyo.

Chapamasana kwabwera anthu awiri pa njinga yamoto, magalasi akuda. Aima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali, akundiyang'ana. Mmodzi walowa, wagwiragwira madisiki, akuti, "Akulu, akukutumani ndani?" Ndati abwana a ku Zomba. Ayang'anizana ndi mnzake pawindo. Ndimanena abwana a magemu! Apita ndisanamalize. Pamsika akuti ndi anthu a shado weniweni wa dera lino, amene mpikisano wake ulinso mwezi uno ndipo alibe tambala.

A Bonifasi andikhazika pampando mokakamiza, andimeta ulere. Akuti uwu ndi mutu woyenera pa positala. Ali mkati mometa andiuza kuti mawa ndisawadikire pabenchi, iwo ndi goloboyi wa timu ya pamsika. Kasitomala wanga mmodzi yekhayo.

Kenako meseji ya abwana: "Mawa. Katoni ya sikirini ija ukadali nayo?"

Munthu wobwera kudzangoona safunsa za katoni.

Katoniyo ili kunyumba, kuseri kwa khitchini. Nkhuku ya apongozi ikufungatiramo mazira khumi ndi awiri. Ndayankha kuti, "Ilipo bwana." Si bodza.

Ndasesa kawiri. Ndapukuta sola. Madisiki ndawayala kuti aoneke ochepa, ngati akugulidwa. Kenako ndaganiza kuti aoneka ngati abedwa, ndawabwezera mmene analili. 

Dzuwa liwale. Galimoto ifike 10 koloko. Zina zonse ndipirira.

Loweruka, 10 Meyi

8 koloko. Dzuwa lilipo. Tambala ndamumanga mwendo pa mzati wa khonde. Chikho chili pa kauntala. Sikirini ikuwala.

9 koloko. Ayamba kufika. Njinga, ng'oma, amayi ovala zitenje zofanana. Asodzi abwera ndi nyimbo yawo yonyoza alimi. Alimi ayankha.

10 koloko. Sindinaonepo zotere! M'shopu mulibe poponda, benchi likulira, ena akusuzumira pawindo, mzere wafika ku chigayo. Ndajambula zithunzi zinayi pa foni. Ndikulemba mayina pang'onopang'ono dala, aliyense ndikumufunsa dzina la agogo ake. Maso ali kumsewu.

10:40. Kumsewu kwadutsa ngolo.

11 koloko. Foni ya abwana ikungoitana. Mayina atha. Ndayambiranso, ndati ndinalakwitsa mizere.

12 koloko. Kwatentha. Ng'oma zasiya kukoma, zayamba kuopseza. Wina wakhalira padi yabwino ija. Wamkulu wa asodzi akuti, "Olemekezeka, ife tinasiya maukonde m'madzi." Ndapempha mphindi khumi. Ndaonetsa sikirini, ndati podikira bwanji awiri ayeseko uwu? Palibe wacheuka.

12:30. Akuti mpira sungayambe mwini wake asanaukhudze ndi phazi. Ndati sindingasiye shopu. Akuti tsekani, n'pafupi pomwepa.

Zotsalazi ndikulemba madzulo, nditakhala pa khonde la a Bonifasi.

Sindinayende ndekha. Anandinyamula. Ndinangokwanitsa kukoka chitseko n'kubaya loko, kenako ndinali m'mwamba, pamapewa pa anthu onunkha matemba, tambala patsogolo, chikho pambuyo. Msika wonse unatitsata. Ogulitsa tomato anavundikira tomato wawo, wachigayo anazimitsa injini.

Pabwalo la sukulu anandipatsa megafoni ya a Chikopa kuti ndilankhule. Nditadina, inayamba ndi makoswe. Anthu anaombera m'manja. Kenako ndinanena zoona zokhazokha. Ndinati sindikufuna voti ya munthu, sindingamange mlatho, ndimangofuna shopu yanga isatsekedwe. Bwalo lonse linanyamuka. Anayamba kuimba, "Shopu isatsekedwe! Shopu isatsekedwe!" amayi akululutira, ng'oma zikuvomera. Misozi inalengeza m'maso. Kwa kanthawi ndinakhulupirira kuti anthu ochuluka chonchi akaimba chinthu, chimachitika.

Ndinamenya mpira, ndinati ndibwerere. Zinakanika. Woyimbira anapezeka kuti ndi mlamu wa alimi, asodzi anakana, onse anagwirizana kuti munthu wosakondera pano ndi woima payekha. Anandiveka wezulo m'khosi. Malamulo ndimawadziwa, koma pa sikirini wosewera ukamupatsa khadi sakuuza kuti akudziwa kumene umagona.

Ndinathawa itadutsa 3 koloko, a ntchemberembaye akukangana za chigoli.

Pamsika zii. Pakhomo pa shopu, galimoto ya abwana, matope mpaka m'magalasi. Iwo akhala pakhonde, akudya nzimbe, makoko aunjikana pamapazi. Pamwamba pa mutu wawo, loko wanga.

Akuti anafika 1 koloko. Akanafika 10 yomweyo, koma tayala linalowa pa mlatho wamatabwa uja ndipo panalibe wowakankha, anthu onse anali atapita kumpira wa shado wina wake.

Ndinatulutsa foni, ndinawaonetsa zithunzi. Anayang'ana bwinobwino, anakulitsa ndi zala. Anati, "Anthu ndi ambiri ndithu. Wagwira padi ndi uti?" Ndinafufuza nawo. Panali mmodzi, amene anaikhalira.

Kubwalo nyimbo inali ikumvekabe, mphepo ikuibweretsa bwinobwino. Shopu isatsekedwe. Abwana anamvetsera, analavula khoko la nzimbe. Sanakalipe. Anati, "Ndinabwera kuti ndidzaone ngati nditseke. Ndapeza watseka kale wekha."

Kenako anaimirira, anasasa thalauza. "Olemekezeka, tatsegulani tinyamule."

Za katoni ndinawauza zoona. Sikirini yapita itakulungidwa m'jekete langa.

Lamulungu, 11 Meyi

Tambala anapita ndi asodzi, anamudya dzulo lomwelo kudoko. Chikho chinasweka pochikweza m'mwamba. A Bonifasi anagoletsedwa zisanu, akuti dzuwa linali kumaso. A Chikopa abwera m'mawa ndi megafoni kuti ndiwatchajire monga tinapanganirana. Ndawalozera padenga la shopu pamene panali sola.

Kutchalitchi andikhazika kutsogolo. Polengeza anandithokoza chifukwa cha malata amene ndikubweretsa.

Abwana anasiya zinthu ziwiri: benchi, chifukwa silinakwane m'galimoto, ndi padi yothamangira kumanzere ija. Padiyo ili m'thumba langa. Sindikudziwa chifukwa chake.

Pobwera kutchalitchi ndapeza pakhomo pathu mulu wa zitini zomangirira pa chingwe, timiyala m'kati, ndi chipewa chamlaza. Apongozi ali chapatali ndi lichero. Ndimayembekeza mawu olasa. Awaza madeya, kenako akuti, "Inu nkhuku, munthu akagwa sitimufunsa kuti wagwa bwanji. Koma mpheta sizidziwa Lamulungu."

Chakudya chamasana, khosi.

Ndikulemba ndili pa nsanja, pakati pa mpunga. Amake Tadala andionetsa kachitidwe kake n'kubwerera. Zingwe ndi ziwiri, china cha kudzanja lamanja, china cha kumanzere. Mpheta zikatera uku, ukoka ichi, zitini zilira, zithawira uko, ukoka icho. Zikabwera pakati ukuwa. Akuti zala zanga zaphunzira msanga kuposa za atsibweni awo. Palibe batani loimitsira, ndipo mbalame sizitha.

Kuchokera pano msika ukuoneka pang'ono, denga la shopu likuwala. Ndasiya kuyang'anako.

Wina akudutsa pa njinga m'mbali mwa ngalande, wachepetsa liwiro, wavula chipewa. "Olemekezeka, mwafika mpaka kumunda kudzationa? Za mlatho uja musaiwale."

Ndati sindingauiwale. Mlatho umenewo sindidzauiwala moyo wanga wonse.

Zatera kumanzere.